Kodi maola osalipidwa amapita kuti?

Pali nkhani imene yandizunguza mutu, ndipo poti safunsa anadya phula, ndati ndikufunseni anzanga, mwina inu kwanuko anakuuzani. Ku America kuli kampani ya malesitilanti yotchedwa Chipotle. Imagulitsa chakudya cha kaphikidwe ka ku Mexico: mpunga, nyemba ndi nyama, zonse zokulunga mu mkate wopyapyala. M'chaka cha 2014 munthu wina amene ankagwira ntchito kumeneko anaisumira kukhoti m'chigawo cha Colorado. Dandaulo lake linali lakuti antchito ankagwiritsidwa ntchito maola ena osalipidwa. Pofika 2016, anthu amene anati nawonso zinawachitikira, n'kulowa nawo pa mlanduwo, anali pafupifupi 10,000. Kampani inakana, inati aliyense imamulipira bwinobwino. Chabwino, ine ndine yani kuti nditsutsane ndi kampani. Koma anthu 10,000? Onsewo sadziwa kuwerenga wotchi? Analakwitsira limodzi, m'mizinda yotalikirana, osadziwana n'komwe? Kapena ku America wotchi ya kukhitchini imayenda mosiyana ndi ya kuofesi?

Zimene antchitowo anauza khoti ndi izi. Ukafika pantchito umalemba pa kompyuta kuti ndafika, ndipo poweruka umalembanso. Koma akuti ikangokwana 12:30 usiku, kompyutayo inkadzilembera yokha kuti anthu aweruka. Munthu ali chiimire pasinki, manja ali m'thovu, mapoto sanakweche, pansi sanakolope, zinyalala sanakataye, koma m'kompyuta muja iye ali kale kunyumba. Ine za makompyuta zinandidutsa, ndimangomva kuti sanama. Nanga amene ankakwecha mapoto itadutsa 12:30 anali yani? Mzukwa? Kompyutayo inaganiza yokha kuti 12:30 ndiyo nthawi yabwino yoti anthu azikagona? Palibe amene anaiuza? Ngati imatha kuweruzitsa munthu akadali pasinki, bwanji siinkamulowetsa ntchito m'mamawa akadali m'bulangete?

Mwina kumeneko kulibe lamulo, ndinatero mumtima. Ayi, lilipo, ndipo ndi lamvula zakale. Dzina lake ndi Fair Labor Standards Act, ndipo analisaina ndi Pulezidenti Franklin Roosevelt mu 1938. Limati munthu akapitirira maola 40 pa sabata, ola lililonse lowonjezera alipidwe ngati ola ndi theka. Masamu ake ngakhale mwana wa Sitandade 5 angawachite pansi ndi chala. Ndipo musaganize kuti eni malesitilanti masamu amawavuta. Ku Chipotle komweko, ukapempha kuti akuikireko mapeyala osinja pamwamba pa nyama, amakulipiritsa padera, ndipo makina a pakauntala saiwala. Ndiye makina amene amakumbukira sipuni ya mapeyala angaiwale bwanji ola lathunthu la munthu wamoyo?

Pakati pa 2010 ndi 2012, a unduna wa zantchito m'dzikomo anayendera malesitilanti pafupifupi 9,000. Anapeza kuti pa 100 alionse, pafupifupi 84 ankaphwanya lamulo lina la malipiro kapena la maola. Ndiye lamulo ndi liti pamenepa, lolembedwalo kapena limene akutsata 84 aja? Nanga 16 otsalawo tiziti ndi anthu abwino, kapena ndi ogona amene anzawo sanawatsine khutu?

Ina ndi nkhani ya tipi, kangachepe kaja kamene kasitomala amasiyira woperekera zakudya pomuthokoza. Ku America malipiro otsikitsitsa amene boma lalikulu limalola ndi $7.25 pa ola, ndipo sanasunthe chiyambire 2009. Koma kwa munthu amene amalandira matipi, bwana amaloledwa kumupatsa $2.13 yokha pa ola. Nambala imeneyi ili pomwepo kuyambira 1991. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho pano ali pabanja, mwina iyenso ndi woperekera zakudya, ndipo akulandira $2.13 yomwe ankalandira mayi ake. Zigawo zina, monga California, zinakana zimenezi, koma m'zigawo zambiri zikadalipo. Akuti matipi akaperewera kufika pa $7.25, bwana aziwonjezerapo yekha. Zomveka. Koma amawerengera kuti zaperewera ndi yani? Bwana yemweyo. Amalemba m'buku ndi yani? Bwana yemweyo. Tsono ngati gawo lalikulu la malipiro likuchokera m'thumba la kasitomala, wolemba ntchito weniweni ndi uti? Kasitomala angathe kumupatsa munthuyo tchuthi? Nanga tsiku limene kwagwa chimvula, makasitomala osabwera, woperekera zakudya uja amakhala kuti walakwa chiyani?

Mu 2012 Mario Batali, wophika wotchuka wa pa TV, pamodzi ndi mnzake wa bizinesi, anavomera kulipira $5.25 miliyoni kwa antchito a m'malesitilanti awo ku New York. Antchitowo anadandaula kuti eni ake ankatapako pa matipi awo usiku uliwonse, potengera kuchuluka kwa vinyo amene wagulitsidwa. Milandu yotere kawirikawiri siifika poti woweruza agamule. Imathera pa kugwirizana, ndipo m'pepala la mgwirizanolo mumalembedwa kuti kampani sikuvomera kuti inalakwa. Apa ndiye ndimasokonezeka kwenikweni. Kwathu pabwalo la mfumu, amene watulutsa mbuzi ndiye kuti mlandu wamugwera, ndipo mudzi wonse umadziwa. Kumeneku munthu akutulutsa mamiliyoni, kwinaku akunena kuti sanalakwe. Ndiye akulipira chiyani? Ndi mphatso? Ngati ndi wachifundo chotere, bwanji sanapereke asanasumiridwe? Ndipo ngati alipo amene amagawa mamiliyoni popanda mlandu, enafe tingakamupeze kuti?

Tibwerere kwa anthu 10,000 aja. Mu May 2018 khoti lalikulu kwambiri la ku America linagamula mlandu wina, wa kampani ya Epic Systems. Oweruza asanu anavomereza, anayi anakana. Chigamulo chinali chakuti ngati polowa ntchito unasaina pepala lonena kuti dandaulo lililonse udzapita nalo wekha kwa mkhalapakati, osati kukhoti pamodzi ndi anzako, pepalalo likumanga. Patapita miyezi yochepa, anthu pafupifupi 2,800 anachotsedwa pa mlandu wa Chipotle chifukwa anasaina pepala lotero. Akatswiri a malamulo amati pangano ndi pangano, munthu anasaina mwa kufuna kwake. Kufuna kwake kuti? Inu munayamba mwasakapo ntchito? Atakuuzani kuti sainani apa muyambe mawa, munati dikirani kaye ndikawerenge ndi loya wanga? Mukanakana kusaina, akanakulembani? Ndipo bwanji kampani imaloledwa kubwera yathunthu, ndi maloya ake onse, pamene antchito akuuzidwa kuti azibwera mmodzimmodzi? Loya wake uti angathere miyezi pa mlandu wa munthu mmodzi amene akufuna malipiro a maola ochepa otsuka mbale? Chodabwitsa china n'chakuti ena mwa anthuwo atapitadi mmodzimmodzi kwa mkhalapakati, monga momwe pepala linanenera, kampani inathamangiranso kukhoti kukapempha kuti zimenezo ziyambe zaima. Woweruza anakana. Kukhoti ayi, kwa mkhalapakati ayi. Kodi ankafuna kuti anthuwo akadandaule kuti?

Lamulo la ku America lija lilinso ndi malire a nthawi. Ukachedwa kusuma, umangoitanitsa za zaka ziwiri zapitazo, kapena zitatu ngati bwana anachita dala. Zam'mbuyo zonse zimafera pomwepo. Kodi ngongole imakalamba n'kufa? Ndalama zimene zafazo amakaziika kumanda ati? Si m'thumba momwe zinali kale?

Mwina mukuti za ku America zikutikhudza chiyani. Inenso ndikanakonda zikanakhala za kutali. Koma kwathu kuno lamulo lilipo, Employment Act ya chaka cha 2000. Limati sabata ya ntchito isapitirire maola 48. Ovataimu ya tsiku wamba ilipidwe ngati ola ndi theka. Ukagwira pa tsiku lako lopuma, kapena pa holide ya boma, ola lililonse likhale ngati awiri. Pamwamba pa izo, gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wolandira malipiro oyenera. Zonsezi zinalembedwa, aphungu anavomereza, mabuku anasindikizidwa. Kodi mabukuwo anafika m'khitchini ya lesitilanti ina iliyonse? Kapena lamuloli limathera pakhomo, pamene pamalembedwa kuti osalowa amene sagwira ntchito pano?

Pali kalesitilanti kena pafupi ndi depoti ya mabasi kumene ndimakonda kudya nsima ya nkhuku ya lokolo. Pakauntala pamakhala buku la chikuto cholimba, lakuda ndi mafuta m'mphepete, bolopeni atamangirira ndi ulusi. Tsiku lina mtsikana woperekera zakudya anaterereka pamadzi osamba m'manja, mbale n'kusweka. Mwini wake sanakalipe. Anangotsegula buku lija.

"Iwe, imeneyi ndi yachingati mwezi uno?"

"Yachiwiri, madamu."

Analemba, n'kutseka. Mtsikana uja anatola zidutswa, n'kubweretsa mbale ina akumwetulira ngati palibe chachitika. Pobwera ndi chenje ndinamufunsa kuti, achemwali, mumalowa nthawi yanji? Anati 6 koloko m'mawa, kuti akoleze mbaula ndi kuteleka madzi a tiyi. Nanga kuweruka? Anati kasitomala womaliza akatuluka, nthawi zambiri cha m'ma 9 usiku. Lolemba mpaka Loweruka. Kudya amadya chiimire. Ndinawerengera pa foni: maola 15 pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi, akukwana 90. Kuchotsapo 48 a lamulo, akutsala 42. Imeneyo ndi pafupifupi sabata ina yathunthu, yobisala m'kati mwa sabata inzake. M'buku lija muli tsamba la mbale zosweka. Muli tsamba la shoteji, ya kasitomala amene anathawa osalipira. Muli tsamba la ochedwa kufika. Nanga tsamba la ochedwa kuweruka lili pati? Linathothoka? Kuchedwa kwa m'mawa kuli ndi mtengo, kuchedwa kwa usiku n'kwaulere?

Eni malesitilanti ali ndi yankho limene amalikonda: "Komatu amadya konkuno." Zoona, amadya. Koma landilodi amalandira mkute? Kusukulu amalola kulipira fizi ndi mitu ya nkhuku? Wakabaza amene amamunyamula usiku, minibasi zitatha, amamulipira ndi nkhoko za mumphika? Ndipo ngati chakudya ndi malipiro, mwini wake amene amadyanso pomwepo bwanji amatengabe ndalama za m'kabati?

Boma limalengeza malipiro otsikitsitsa. Mu February 2024 anakwera kufika pa K90,000 pa mwezi, ndipo mu 2025 anafika pa K126,000, kupatula kuti mabizinesi ang'onoang'ono ndi antchito a m'nyumba ali ndi mlingo wawo wotsikirapo. Nkhaniyi imalengezedwa pa wailesi, ndipo m'malesitilanti ambiri wailesi imalira tsiku lonse. Kodi ikafika nkhani imeneyi magetsi amazima? Pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya pakhoma sinachedwe. Choko chinafufutidwa, nambala zatsopano n'kulembedwa, ndipo pa menyu anamata kapepala pamwamba pa kapepala kanzake. Uthenga wa kugwa kwa kwacha unafika msanga chotero. Nanga uthenga wa kukwera kwa malipiro umayenda pa njinga yanji?

Ndiye pali kutha kwa mwezi. Munthu wagwira masiku 30, akupita kukauntala manja ali kumbuyo, ndipo akumuuza kuti, "Udikire kaye, bizinesi sinayende bwino." Apa ndithandizeni. M'lesitilanti kasitomala amalipira asanatuluke, ena mpaka amalipiriratu chakudya chisanabwere. Ndalama ya nsima imene yaphikidwa lero imalowa lero lomwe. Wantchito yekha ndiye amapereka thukuta lake pa ngongole, mwezi wathunthu, popanda chiwongoladzanja, popanda chikole. Ndiye kuti wosauka ndi amene akukongoza wolemera? Bwana akachedwa kubweza, wantchito amapita kwa wakatapila, amene chiwongoladzanja chake mukuchidziwa. Ndani ayenera kulipira chiwongoladzanja chimenecho? Ndipo mwezi umene bizinesi yayenda bwino kwambiri, monga pa Khirisimasi, munamvapo wantchito akuitanidwa kuti, bwera udzatengeko, mwezi uno zatiyendera?

Funso limene limandisowetsa tulo ndi ili. M'buku lathu la milandu ndi zilango muli gawo 286, la wantchito amene waba katundu wa bwana wake. Wophika akabisa ntchafu ziwiri za nkhuku m'jumbo, mlonda n'kumugwira pageti, foni imodzi yokha apolisi afika, ndipo usiku womwewo akagona m'chitolokosi. Dzina lake ndi wakuba. Koma bwana akasunga malipiro a wophika yemweyo a miyezi itatu, pamodzi ndi ovataimu ya chaka chonse, palibe amene amati wakuba. Amati pali kusamvana pa nkhani ya ntchito, pitani ku leba mukakambirane. Ntchafu ziwiri ndi malipiro a miyezi itatu, chachikulu n'chiti? Lamulo lathu limanena kuti kulipira munthu pansi pa mlingo wa boma ndi mlandu. Inu munamuonapo mwini lesitilanti ali m'maunyolo chifukwa cha zimenezi? Ku Australia, kuyambira pa 1 January 2025, bwana amene amana dala antchito malipiro awo akhoza kukakhala kundende mpaka zaka khumi. Iwowo anaona chiyani chimene ife sitinaone? Kapena kuba kumasintha dzina malinga ndi mbali ya kauntala imene waima?

Tinene kuti mtsikana wa mbale uja walimba mtima. Apita ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake, ija timangoti ku leba. A leba aitana madamu kuti akambirane. Zikakanika, nkhani ipita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito. Zonsezi zimachitika masana, pa nthawi ya ntchito. Akapempha chilolezo kwa yani? Akanena kuti, madamu, mawa sindibwera, ndikukakusumirani? Mkucha akapeza ntchito ikumudikira? N'chifukwa chake ambiri amasuma atachotsedwa kale. Tsono munthu amene akusuma chifukwa choti sanalipidwe, ndalama ya minibasi yopitira kukhoti, ulendo ndi ulendo, mlandu ukamaimitsidwa, aitenga kuti? Kumeneko adzamufunsa umboni wa maola amene anagwira. Lamulo limati wolemba ntchito azipereka kalata yofotokoza za ntchito ndi malipiro, komanso kapepala kosonyeza momwe malipiro a mwezi awerengedwera. Ndi angati m'malesitilanti athu anakaonapo kapepala kameneka? Buku lokhalo limene lilipo lili kwa madamu, ndipo taona kale masamba ake. Mboni ndi anzake a m'khitchini, amene akadali pantchito pomwepo, ana awo akudya za pomwepo. Ndani mwa iwo adzaimirire?

Akatswiri a zachuma nawo ali ndi mawu awo. Amati mukawakakamiza eni malesitilanti kulipira zonse, ambiri atseka, ndipo antchito omwewo ndi amene adzalire. Sindikutsutsa kuti bizinesi ya zakudya ndi yowawa. Mafuta ophikira akwera, makala akwera, lendi yakwera, magetsi akazima nyama imawola m'firiji, a khonsolo akufuna yawo, a msonkho akufuna yawo. Koma taonani. Wa butchala amalipidwa, apo ayi mawa nyama kulibe. Wa makala amalipidwa. Landilodi amalipidwa, apo ayi aika loko pachitseko. Pa mndandanda wonsewu, mmodzi yekha ndi amene angauzidwe kuti dikira, iye n'kubweranso m'mawa kudzakoleza moto. Ndiye bizinesi imene ikuima chifukwa cha maola 42 aulere pa sabata, mpamba wake akuika ndani? Si mtsikana uja? Ngati iye ndi amene akuika mpamba, si mwini wake wina wa bizinesiyo? Phindu lake amalandira liti? Ndipo akatswiriwo, malipiro awo akachedwa ndi sabata imodzi yokha, amanenanso zomwezi?

Nanga ife odyafe? Timalowa patatsala mphindi zisanu kuti atseke, n'kuitanitsa chambo chowotcha ndi nsima yatsopano, osati yotsala. Timakhala phee kuonera mpira mpaka wathe. Timaitana munthu ndi kakhweru kapena kugogoda tebulo ndi kiyi wa galimoto. Bilu ikabwera timaiwerenga mzere ndi mzere, ndipo akatiwonjezera botolo limodzi la Fanta limene sitinamwe, lesitilanti yonse imadziwa. Ola limene tamuchedwetsa munthu lija lili pa mzere uti? Ngati silili pa bilu yathu, komanso silili m'buku la madamu, walilipira ndani?

Inu amene mumagwira ntchito m'malesitilanti, ophika, otsuka mbale, operekera zakudya, a pachiwaya, gulani kope laling'ono, lija la ana asukulu. Tsiku lililonse lembani deti, nthawi imene mwalowa ndi nthawi imene mwatuluka. Lembani masiku a holide amene mwagwira, ndalama imene mwalandira, ndi imene akudulani pamodzi ndi chifukwa chake. Mauthenga a pa foni amene bwana amakuuzani kuti dikirani kaye musafufute. Kopelo lizikhala kunyumba, osati kuntchito, ndipo tsiku lopita ku leba musadzaliiwale.